Mlonda wa Munthu Wogona

Anamwino anzanga amene mwasiya mawodi anu m'mizinda yosiyanasiyana ya dziko lino la America kuti tidzasonkhane pano, ena a inu mutangoweruka kumene pa naiti maso ali psuu ndi tulo, popeza amene adandiitana adandipempha kuti ndikambe za njira imene namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya ayenera kudzera akafuna kulowa sukulu ya anamwino ogonetsa odwala pa opaleshoni, amene kuno amatchedwa CRNA, ndidzayesa kuifotokoza njirayo monga momwe ndidaiyendera ine mwini, ndi minga yake yomwe, osabisa pamene ndidapunthwa.

Tisanafike pa zikalata ndi mayeso, ndiloleni ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono, pakuti wofunsira mbeta amayamba wadziwa mtundu wa kumene akukakwatira. Pa 16 Okutobala 1846, m'chipatala cha Massachusetts General ku Boston, dokotala wa mano dzina lake William Morton adapumitsa munthu nthunzi ya mankhwala a ether, ndipo dokotala wa opaleshoni, John Collins Warren, adachotsa chotupa pakhosi pa munthuyo popanda kukuwa kumene anthu adakuzolowera m'zipinda zotere. Chaka chotsatira, ku Edinburgh, James Young Simpson adayamba kugonetsa anthu ndi chloroform, ndipo poyankha amene ankati sikoyenera kuchotsera amayi ululu wa pobereka, adawakumbutsa kuti ngakhale Mlengi, asanatenge nthiti ya Adamu, adayamba wamugoneka tulo. Komatu mankhwala amene amachotsa ululu ndi omwewo amene amachotsa mpweya, ndipo m'zaka zotsatira ambiri adagona osadzukanso. China mwa zifukwa zake chinali chakuti ntchito yodontheza ether inkapatsidwa kwa ophunzira udokotala ndi madokotala ongoyamba kumene, amene maso awo ankathamangira pa mpeni wa mphunzitsi wawo pofuna kuphunzira kudula, naiwala nkhope ya munthu amene adagona m'manja mwawo.

Chotero madokotala a opaleshoni adafunafuna munthu amene sadzasirira mpeni, amene adzakhutira kukhala kumutu kwa wodwala nawerenga kupuma kwake kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. Ndipo munthuyo adampeza pakati pa anamwino. Mu 1877 Sister Mary Bernard adali atayamba kale ntchitoyi pa chipatala cha St. Vincent ku Erie, m'chigawo cha Pennsylvania. Ku Rochester, m'chigawo cha Minnesota, abale awiri a banja la Mayo adali ndi Alice Magaw, mayi amene ankadontheza ether dontho limodzilimodzi pa kansalu kophimba mphuno uku akulankhula ndi wodwala mawu ofatsa kufikira mantha atamuthera. Ndipo mu 1906 adalemba lipoti la odwala oposa 14,000 amene adagonetsedwa popanda ndi mmodzi yemwe womwalira chifukwa cha mankhwala ogonetsawo. Ku Cleveland kudali Agatha Hodgins, amene adagwira ntchito ndi dokotala George Crile, nakaphunzitsa ena lusoli ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mu 1931 adakhazikitsa bungwe la anamwino ogonetsa odwala limene lero timalidziwa kuti AANA.

Ndakamba mbiriyi chifukwa chilichonse chimene sukulu idzakufunsani, kuyambira pa magiredi anu kufikira pa funso lomaliza la intavyu, chimatuluka mu muzu umodzi womwewu. Aphunzitsi akamasanthula mulu wa makalata ofunsira malo, chimene akufuna kudziwa ndi ichi: kodi munthu uyu tingamusiyire mpweya wa mnzake, mnzakeyo ali gone, wosatha kutsokomola, wosatha kuphethira, wosatha kunena kuti apa pakuwawa? Ife amene tidakulira kwathu tikuudziwa udindo umenewu tisanaphunzire dzina lake, pakuti tidaona gadiyani, mayi kapena azakhali, akuyala chitenje pansi pambali pa bedi la chipatala, nagona khutu limodzi lili tcheru ku kupuma kwa wodwala wake. Wogonetsa odwala ndi gadiyani yemweyo, koma gadiyani amene waphunzira kudziwa chifukwa chake kupumako kwasintha, ndi chimene achite mphindi isanathe.

Tsono zofunika pakhomo ndi izi, ndipo ndizitchula mosachedwa pakuti zidalembedwa poyera. Bungwe lovomereza sukuluzi, limene limatchedwa COA, limafuna kuti wofunsira malo akhale ndi digiri yoyamba ya unamwino kapena ya maphunziro ena oyenera, akhale ndi laisensi ya unamwino yopanda banga, ndiponso akhale atagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku m'chipinda cha odwala mwakayakaya kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. M'masiku anga digiri ya masitala inali yokwanira. Koma onse amene adalowa sukulu kuyambira pa 1 Januwale 2022 amaphunzira digiri yapamwamba ya DNP kapena DNAP, imene imatenga miyezi yosachepera 36, ndipo m'katimo wophunzira amagonetsa odwala osachepera 650 nakhala maola osachepera 2,000 m'chipatala asanaloledwe kulemba mayeso a dziko lonse a bungwe la NBCRNA.

Pali mawu amodzi m'malamulowo amene amatipyoza ife obwera, ndipo ndi bwino muwamve kwa mbale wanu kusiyana ndi kuwamva m'kalata yokukanani. Chaka chija cha m'chipinda cha odwala mwakayakaya chiyenera kugwiridwa m'dziko la United States, m'madera ake, kapena m'chipatala cha asilikali ake kunja. Ndiye kuti mlongo wathu amene adatha zaka zambiri akusamala odwala mwakayakaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena ku University Teaching Hospital ku Lusaka, amene adaphunzira kuzindikira munthu woti akutsirizika pongoona milomo ndi zikhadabo zake pamene makina adali ochepa, akafika kuno amayamba kuwerenga miyezi yake kuchokera pa umodzi, atapambana kale mayeso a laisensi ya unamwino a NCLEX ndiponso atapereka zikalata zake za sukulu kwa oziyesa. Zimawawa, ndipo sindikuuzani kuti zisawawe. Koma musaganize kuti zaka zijazi zatayika, pakuti diso limene mudalinola kumeneko ndi lomwe lidzakusiyanitsani ndi anzanu amene adaphunzira kukhulupirira monita asanaphunzire kuyang'ana munthu. Ndipo kumbukirani kuti kwathu komweko ntchito yogonetsa odwala, makamaka m'zipatala za m'maboma, yasenzedwa zaka zambiri ndi makiliniko ofesa. Si chinthu chachilendo kwa ife kuti wokhala kumutu kwa wodwala akhale munthu wosatchedwa dokotala.

Si wodi iliyonse imene imawerengedwa. Chimene chikufunika ndi malo amene namwino, mwa chizolowezi cha ntchito yake, amasamala odwala opumira makina, okhala ndi timachubu toyeza kuthamanga kwa magazi m'kati mwa mitsempha momwe, olandira mankhwala ochirikiza mtima ndi mitsempha amene mlingo wake umasinthidwa mphindi ndi mphindi. Sukulu zambiri sizilandira ntchito ya m'chipinda cha angozi kapena cha otsitsimuka pambuyo pa opaleshoni. Choncho ngati muli m'wodi yofewa, kumene odwala enieni a kayakaya amatumizidwa ku chipatala china, samukani, ngakhale kusamukako kukutayitseni shifiti imene mudaizolowera ndi anzanu amene mumadya nawo. Pitani kumene kuli odwala a opaleshoni ya mtima, a ngozi zazikulu, a matenda amene alowa m'magazi, ndipo mukafika musathawe bedi lolemera. Walira mvula walira matope.

Apa ndipo ndifika pamene ndidapunthwa. Nditafunsira malo koyamba ndidali nditagwira zaka ziwiri m'chipinda chotere, ndipo mumtima mwanga ndinkadziyesa wokonzeka, pakuti panalibe makina m'wodimo amene dzanja langa silidawakhudze. Sukulu ina idandiitana ku intavyu. Ndidalowa m'chipinda chaching'ono mmene mudakhala aphunzitsi atatu kuseri kwa tebulo, pamaso pawo pali makalata anga ndi botolo la madzi, ndipo atandilonjera ndi kundifunsa za ulendo wanga, mayi wina wa imvi, amene adali chete nthawi yonseyo, adandipempha kuti ndifotokoze za wodwala wovuta koposa amene ndidamusamala mwezi umenewo. Ndidafotokoza mokondwa za bambo wina amene matenda adamulowa m'magazi, ndidatchula makina onse amene adamuzinga, ndi mankhwala onse amene ankatsika m'mapampu, norepinephrine ndi vasopressin ndi propofol. Mayi aja adadikira kuti nditsirize, kenaka adafunsa ndi mawu otsika kuti, popeza norepinephrine adalipo kale, nchifukwa chiyani adawonjezera vasopressin m'malo mongokweza woyambayo? Ndidayankha kuti ndi mmene adalamulira dokotala. Iwo adagwedeza mutu mwaulemu, nalemba kanthu kakafupi papepala, ndipo ine ndidadziwa nthawi yomweyo, m'mimba muli zii, kuti chitseko chatsekeka. Kalata yokana idafika patapita milungu ingapo.

Ndidadandaula, inde, ndipo masiku oyamba ndinkafuna kuloza chala kwina, pa kalankhulidwe kanga kachilendo kapena pa dzina langa. Koma pamene mkwiyo udaphwa ndidaona kuti mayi aja adandifunsa funso lolungama. Usiku ndi usiku ndidali ndikuthira m'mtsempha wa munthu mankhwala amphamvu zotha kupha, osadziwa khomo limene mankhwalawo amagogoda m'thupi. Kuwodi cholakwa chotere chimabisika, pakuti dokotala alipo, wa mankhwala alipo, namwino wamkulu alipo, ndipo mutu umodzi susenza denga. Koma kufiyeta, magazi akagwa mwadzidzidzi mimba ya munthu ili yotsegula, wosankha mankhwala ndi kuyeza mlingo wake ndi inuyo, ndipo nthawi yotsegula buku palibe.

Chaka chotsatira ndidachisandutsa sukulu. Ndidagula kabuku kolowa m'thumba, ndipo ndidadziikira lamulo lakuti sindidzapachikanso mankhwala pa pampu popanda kulemba mmene amagwirira ntchito. Mmenemo ndimo ndidaphunzira kuti norepinephrine amafinya mitsempha podzera pa zolandirira zotchedwa alpha, nalimbikitsako mtima pang'ono podzera pa za beta. Kuti vasopressin amalowera khomo lina, la V1. Kuti matenda a m'magazi akakhalitsa nkhokwe ya vasopressin wa thupi lenilenilo imaphwa, ndipo magazi akachuluka asidi mitsempha imayamba kugonthera mankhwala a mtundu wa norepinephrine. Ndipo kuti nchifukwa chake wachiwiriyo amaperekedwa pa mlingo wochepa wosasinthasintha, kuti athandize mnzake popanda kukwapula mtima umene watopa kale. Yankho lonseli lidali pambali pa bedi lomwe lija zaka ziwiri zathunthu, likudikira kuti ndifunse. Madokotala akamazungulira mmawa ndidayamba kuima pafupi ndi kufunsa, ndipo ndidapeza kuti ambiri amakondwa kuphunzitsa namwino wofunsa. Pajatu akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Pa chifukwa chomwechi ndikulimbikitsani kulemba mayeso a CCRN, a bungwe la anamwino a odwala mwakayakaya la AACN, amene munthu amaloledwa kulemba akakwanitsa maola 1,750 pambali pa odwala otere m'zaka ziwiri, 875 mwa maolawo ali a m'chaka chomaliza. Sukulu zina zimawalamula, zina zimangowayamikira, koma phindu lake lenileni lili m'miyezi yokonzekera, imene imakukakamizani kulumikiza mtima, mapapo ndi impso kukhala nkhani imodzi. Za magiredi, sukulu zambiri zimaika malire pa 3.0, koma malire ndi pakhomo chabe, ndipo diso la aphunzitsi limagwera kwambiri pa maphunziro a sayansi. Ngati giredi yanu ya chemistry idali yofooka muli wamng'ono, bwerezani phunzirolo, kapena tengani phunziro limodzi lapamwamba la mankhwala kapena la kayendedwe ka matenda m'thupi, mulipambane bwino, kuti pepala latsopano liyankhire lakale. Sukulu zina zimafunanso mayeso a GRE, zina zidawasiya. Werengani zofuna za sukulu iliyonse payokha, ndipo tumizani makalata nthawi isanathe, pakuti kugona pakati nkuyambirira.

Chinthu china chimene sindifuna kuti muchipepuse ndicho kukatsatira wogonetsa odwala pa ntchito yake tsiku lathunthu kapena masiku angapo. Ambiri amakuchita kuti angopeza siginecha pa fomu, koma kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo ntchito iyi simungaidziwe ndi makutu. Tsiku limene ine ndidapita, ndidafika kusanache, ndipo ndidapeza mayi amene ndidadzawatsatira ali kale m'chipinda chozizira, akuyesa makina a mpweya, akuyatsa ndi kuzimitsa kanyali ka chida chotsegulira kukhosi, akundandalika majakisoni pa thebulo, lililonse ndi chizindikiro chake. Adalowetsa mtsikana wonjenjemera. Mayiwo adawerama pakhutu pake namufunsa za ana ake, namuveka chophimba kumaso kuti apume okosijeni yekhayekha kwa mphindi zingapo. Kenaka adakankha pang'onopang'ono jakisoni wa propofol, woyera ngati mkaka, ndipo mtsikanayo, ali pakati pa kutchula dzina la mwana wake, zikope zidalemera, mawu nazilala. Adampatsanso mankhwala ofooketsa minofu, ndipo chifuwa chija, chimene chidakwera ndi kutsika kuyambira tsiku lobadwa, chidaima. Kuyambira pamenepo mpweya uliwonse wolowa mwa iye unkachokera m'dzanja la mayi aja lofinya thumba. Adatsegula kamwa, nayang'ana kufikira ataona timinofu tiwiri toyera ta pakhomo pa kholingo, nalowetsa chubu pakati pake. Ndipo sadatembenuke, sadalankhule ndi aliyense, kufikira mzere wa pa monita udayamba kukwera ndi kutsika, kuchitira umboni kuti mpweya woipa ukutuluka, ndiye kuti chubu chili m'njira ya mapapo osati ya chakudya. Pambuyo pake padatsata maola awiri a bata, amene mlendo akadawayesa opanda ntchito, koma m'maola onsewo maso a mayiwo sadapume: pa monita, pa nkhope, pa botolo la magazi otayika, pa thumba la mkodzo, pa monitanso. Nditawafunsa chimene akudikira pamene zonse zikuyenda bwino, adandiyankha kuti vuto la m'chipinda chino silipereka moni. Ndidakumbukira mawu a kwathu akuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo tsiku limenelo ndidadziwa kuti ntchitoyi ndikuifunadi.

Za makalata a umboni ndinena mwachidule. Pemphani kwa amene adakuonani usiku woipa, woyang'anira wodi yanu, dokotala amene mwagwira naye, wogonetsa odwala amene mudamutsatira. Apempheni msanga, ndipo musachite manyazi monga timachitira ife oleredwa kuti tisadzitchule, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. M'kalata yofotokoza za inu nokha musadzaze mawu okoma akuti mumakonda kuthandiza anthu, pakuti onse ofunsira amalemba zomwezo. Fotokozani wodwala mmodzi, chimene mudaona, chimene mudaganiza, chimene mudachita, ndipo ngati mudalakwa nenani kuti mudalakwa ndi chimene chidasintha mwa inu.

Tsopano ndigwire nkhani imene aphunzitsi adzaikhudza mwapatalipatali, koma imene kwa ife ndi katundu weniweni. Zaka zitatu zimenezi simudzatha kugwira ntchito yolipidwa monga mukuchitira lero. Sukulu zambiri zimaletsa kapena kuchenjeza kolimba, ndipo ngakhale zikadalola, thupi silingalole. Fizi ndi yokwera, ndipo ngongole za boma za ophunzira zimaperekedwa makamaka kwa nzika ndi kwa amene ali ndi chilolezo chokhazikika chokhalira m'dziko muno. Mnzanu wobadwira kuno amawerengera lendi ndi chakudya chake. Inu mumawerengeranso fizi ya adzukulu, feteleza wa kumunda kwa amayi, malata a nyumba yosatha, ndi lamya ya pakati pa usiku yonena za maliro. Ndaona anzathu anzeru akugwa pakati pa njira, osati chifukwa maphunziro adawakanika, koma chifukwa adayesa kusenza sukulu ndi mudzi wonse pa phewa limodzi, ndipo mapanga awiri adawavumbwitsa. Chotero musanatumize kalata yoyamba, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, imbirani amalume ndi abale kumudzi, muwauze poyera kuti kwa zaka zitatu dzanja lanu lidzafupika, ndi chifukwa chake, ndi amene adzagwirizize mmalo mwanu. Kukamba kotere nkolemera pakamwa pa mwana woleredwa bwino, ndikudziwa. Koma makolo amene adadziwa kusunga mbewu m'chaka cha njala, osaidya, adzakumvetsani mukawafotokozera mwaulemu.

Chaka chitatha ndidafunsiranso, pakuti dzedzeredzedzere salingana ndi kugweratu, ndipo ndidaitanidwa ku sukulu ina. Adandifunsa chifukwa chake phenylephrine akakweza kuthamanga kwa magazi mtima umayamba kugunda mochedwa, ndipo ndidafotokoza za timinyewa tomvera kufinyika kwa magazi tokhala m'mitsempha ya m'khosi ndi mu mtsempha waukulu wotuluka mumtima, timene tikamva kuti magazi akwera timatuma uthenga woti mtima ubweze liwiro. Adapitiriza kukumba, funso pamwamba pa funso, kufikira adafika pamene nzeru zanga zidathera, monga amachitira dala ndi aliyense kuti aone chimene munthu amachita akafika pamalire ake. Ndidawauza kuti pamenepo sindidafikepo, ndidanena mmene ndikuganizira kuchokera pa zimene ndikudziwa, ndi kumene ndikafufuze ndikatuluka. Bambo amene ankafunsayo adaika cholembera pansi nandifunsa za kabuku kamene kankaonekera m'thumba la jekete langa. Ndidakatulutsa, kali kakuda m'mphepete ndi kupindika, ndipo adakatsegula tsamba ndi tsamba kwa kanthawi, osanena kanthu, nakapatsira mnzake.

Yankho lawo lidandipeza ndili pa naiti. Ndidaliwerenga ndili chiimire pakhonde la wodi, kawiri, manja akunjenjemera, ndipo ndidathokoza Mulungu ndi mawu a chinenero cha amayi anga. Kenaka pampu ya pa bedi lachinayi idalira, pakuti thumba la norepinephrine lidali pafupi kutha, ndipo ndidapita kukasintha.